Khobwe wa amayi

Lolemba, 5 Febuluwale

Ndazula khobwe yense wa ababa kuseri kwa nyumba. Masamba anali ndi timadontho touma, ine n'kuti ndi matenda, afalikira ku khobwe wanga wogula ku Limbe. Ababa amati tidikire kaye. Ndawayankha pamaso pa a Mwanakombo, aneba athu: "Inu munali mlonda ku Namiwawa, za mbewu tisiyireni ife a ku koleji." Anangoti, "Chabwino, ophunzira." Zozulazo a Mwanakombo atengera mbuzi zawo.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Mayo ine. Lero m'kalasi aphunzitsi athu a Peterson aika chithunzi, timadontho tomwe tija! Akuti mbewu ikamva kuti kachilombo kalowa, imadziphera yokha kachigawo ka tsamba kuti kachilomboko kathere pomwepo, kenako imapanga mapuloteni odzitetezera m'thupi lonse. Timadontho totere ndi zipsera za mbewu yolimba. Ndinalemba zonse. Mu minibasi yobwerera ku Nancholi kondakitala anachita kundikodola kuti nditsike.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Khobwe wanga wogula uja wayamba kukwinyika, masamba achikasu. Sindinadye.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ndafunsa mozembazemba ngati mbewu ina yatsala m'botolo. Ayi. Anankafumbwe anadya, yopulumuka ababa anadzala yonse. Ndi mbewu imene malemu amayi anabwera nayo kuchokera ku Milanje, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, ataimanga pa nsonga ya chitenje. Zaka zonsezi yakhala ikudzalidwa, ine ndaimaliza m'mawa umodzi. Manyazi akundipha. Bola ababa akanandikalipira, koma akungotsuka njinga yawo.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Kutchalitchi sindinapite. Ndinapita kwa a Mwanakombo, n'kugwada pakhomo ngati mwana woba shuga. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Ulemu, mbuzi zanga zidye mbewu ya mnzanga? Tsiku lija kunagwa mvula, ndinaokera ina kuseri kwa bafa." Mitengo itatu yagwira. Itatu yokha.

Ndinakatenga ababa. Tinanjuta pamenepo, ndinawauza zonse za a Peterson, ndi kuti ndinalakwa. Ababa anatembenuza tsamba limodzi, kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti amamenya nkhondo yake, ife n'kumuzula."

Anati ife. Kenako anandituma ndikadule nsungwi zotchingira mbuzi.