Tisa Akudyera Panja

Okondedwa Amama,

Muli bwanji ku Katete? Kuno ku Nangongwe tilipo, chifuwa cha mwana chachepako.

Nkhani ndi ya mlongo wanga Tisa. Analowa kafukufuku wa achinyamata wopewa HIV ku kiliniki osandiuza. Lachiwiri anabwera ndi thonje pamkono, atamutenga magazi. Amake mwana anamulanda khanda m'manja: "Usamugwire iwe! Kumeneko kumapita odwala okha." Tisa akulumbira kuti anamupima, alibe kachilombo. Ndinakafunsa anesi, anati za munthu wina sanena.

Tsopano Tisa nshima akudyera panja, pambale yakeyake. Ine ntchito ku fakitale inatha, akutidyetsa ndi amake mwana omwewo, ndiye mawu ndilibe. Lemberani mpongozi wanu, Amama, inu amakumverani. Mukachedwa Tisa achoka, ndipo kopita alibe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Yohane