Amayi Abisa Matiresi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana uja unasiya kukuvutani? Kuno tikudzuka, kungoti mtima wanga ukuwira. Ndasankha kulemba chifukwa muno mulibe poimbira foni, ukangotsokomola aliyense wamva.

Mukuidziwa nyumba ya boma tikukhalayi: chipinda chimodzi ndi pabalaza, pamwamba penipeni pa mdadada wa nyumba zosanjikizana. Chibwerereni amayi atadwala sitiroko, kuchipinda tinawasiyira iwo ndi mtsikana wathu. Ine, bambo a ana ndi anyamata awiri aja timayala pabalaza. Alamu anu akuti sankadziwa kuti ukwati ndi kugona phazi la mwana lili kukamwa. Tsiku la kuchipatala amawabereka amayi pamasitepe, kutsika ndi kukwera, moti bondo lawo layamba kutupa.

Chaka chatha ndinakapempha kuofesi ya nyumba kuti atisamutsire ku ya zipinda zitatu, yapansi. Kumeneko kuli kalaliki amene tonse apamzere timamutcha Bweranimawa. Ndapitako mpaka nsapato kutha, ndipo abwana anga kukhitchini kumene ndimagwira ntchito anandifunsa ngati ndinalembedwanso ntchito kuofesi imeneyo.

Mwezi wathawu Bweranimawa anati kubwera woyendera nyumba kudzaona yekha mmene tikukhalira. Ndinati Mulungu wamva. Ndinauza ana kuti pasapezeke wobisa kanthu, munthuyo adzaone zonse mmene zilili.

Anabwera ine ndili kuntchito. Amayi atamva kuti bwana wa boma akukwera masitepe khomo ndi khomo, analamula mdzukulu wawo kuti akasungitse matiresi onse kwa mayi wosoka wa khomo loyandikana nafe. Ndodo yawo inalowa pansi pa bedi. Anavala diresi la kutchalitchi, n'kukhala pampando ngati mlendo wa paukwati, dzanja lofa lija atalifunditsa nsalu.

Woyenderayo atawafunsa, anamuuza kuti tikukhala bwino zedi, sitidandaula. Anati iwo angobwera kudzacheza, posachedwa abwerera kwa mwana wawo wamkulu amene ali ndi nyumba yotakasuka. Ndinu amenewo, achemwali! Anamupatsanso tiyi.

Yankho silinachedwe, koyamba m'mbiri ya ofesi imeneyo. Akuti nyumbayi ikutikwanira, ndipo mlendo sawerengedwa.

Ndisakubisireni, ndinawakalipira amayi ana akumva. Ndinawafunsa ngati ulemu wawowo uli ndi chipinda choti tizigonamo. Iwo anangotembenukira kukhoma.

M'mawa mwake ndikuwasambitsa, m'pamene anayankhula. Anati ankaopa kuti boma likaona kuthinana kwathu, lidzati wina achoke, ndipo wochokayo ndi amene anabwera pomaliza, wodwala, wosagwira ntchito. Anati bola kunama kusiyana n'kutilanditsa nyumba. Komabe mkwiyo sunathe, chifukwa ngakhale ndawamvetsa, tikugonabe mopanikizana. Mtsikana wayamba kuchedwa kwa anzake, akuti kuno alibe powerengera kapena povalira, ndipo zimenezi zikundisowetsa mtendere.

Ndachita apilo, ndipo akuti woyendera abweranso. Koma poti amayi anatchula inu, akuofesiwo akufuna muwalembere kuti amayi sakubwera kwanuko. Ndikudziwa kuti n'zowawa kulemba ndi dzanja lanu kuti mulibe malo a mayi wanu, pamene tonse tikudziwa kuti mukukhala m'chipinda cha lendi. Lembanibe, chonde, ndipo musachedwe. Akatikana kachiwiri tibwerera kumchira kwa mzere.

Chinanso, muwaimbire amayi. Ine ndikawauza kuti palibe adzawachotse, amati ndikungowatonthoza. Inu amakumverani chiyambire. Muwauze kuti munthuyo akadzabwera adzangonena zoona, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Muwauzenso kuti sitikufuna nyumba yaikulu kuti tiwathawe. Chipinda chachitatu tikulimbiranachi n'chawo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Kuno anyamata akuti azakhali awo asawaiwale. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi