Tigobi ta m'chipinda cha Mzime

Lolemba, pa 4 Ogasiti

Aikira! Ndaunika ndi tochi m'kapaipi kaja ka m'thanki ya nsomba m'mawa uno, kudenga kwake kuli mbwee timazira, tating'ono ngati mchenga. Dona, nsomba yaikazi, mimba yaphwa, akungoyendayenda m'thanki ngati nkhaniyi si yake. Mlonda, mwamuna wake, walowa m'paipimo kukupiza timazirato ndi zipsepse, mutu wokha kusuzumira kunja. Kansomba ka mtundu wa gobi, kosaposa chala changa chaching'ono, kakuda ndi mzere wabuluu, koma nditayandikiza dzanja kandiluma. Gobi ndi gobi basi.

Aka n'kachitatu. Ulendo woyamba tiana tinafa ndi njala chifukwa ndinkatiperera chakudya cha nsomba zazikulu, ngati kupatsa khanda fupa. Wachiwiri tinamezedwa ndi sefa ya madzi. Ine amene ndinaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto mpaka kupuma pa ntchito osagundapo ngakhale nkhuku, lero ndapulula ana a eni kuposa mliri.

Ndathamangira kukauza mkazi wanga. Abwanawo amasita diresi, kuchedwa ku ntchito ku famase, kogulitsa mankhwala kuja. Ati zikomo kwambiri, tanyadira, nanga mbaula mwazimitsa? Sindinazimitse.

Lachiwiri, pa 5 Ogasiti

Ulendo uno sindigona tulo ta chitsiru. Ndevu wa ku sitolo ya nsomba anandifotokozera bwinobwino. Tiana ta gobi timabadwa ndi pakamwa pochepa kuposa boo la singano, ndipo timangodya tizilombo tamoyo totchedwa rotifa. Rotifayo amadya madzi obiriwira. Ndiye pakhonde ndili ndi ndowa yabuluu, madzi amchere obiriwira ngati a m'chithaphwi, kapaipi ka mpweya kakubwata usana ndi usiku, rotifa akuswana m'menemo. Sindinamuonepo ndi maso ngakhale mmodzi. Ndimangokhulupirira.

Bambo wamkulu, imvi mbuu, kuweta chakudya cha nsomba zosadyedwa.

Mayi wa khomo loyandikana nalo wasuzumira ali pakhonde pake, wafunsa ngati chimbudzi chathu chatseka.

Lachitatu, pa 6 Ogasiti

Pa chakudya chamadzulo Abwana ati Mzime, mwana wathu wotsiriza, akubwera Lachisanu ndi khanda lake adzapumeko. Agona m'chipinda chake chakale.

Chipinda chake chakale ndi mmene muli mathanki anga.

Mawu oyamba kutuluka pakamwa pa agogo atsopano: "Nanga nsomba?"

Abwana anangoika supuni pansi n'kundiyang'ana mpaka chakudya chinazizira. Kenaka ndafunsa za mwana ndi mdzukulu, koma sitima inali itapita kale.

Lachisanu, pa 8 Ogasiti

Afika. Masutikesi akuluakulu ngati munthu akusamuka, ndakwera nawo masitepe msana uli phwanyu. Ana a masiku ano, kupuma sabata imodzi amanyamula nyumba yonse.

Mlendo wathu ndi kamnyamata kofiira, tsitsi lambiri, mawu ngati sayirini. Mzime waonda. Walowa m'chipinda, wayang'ana thanki ya Mlonda ndi Dona pamene panali desiki yake, ndi kathanki kena komwe ndakakuta ndi pulasitiki wakuda kudikira tiana, n'kuseka pang'ono. Akuti sankadziwa kuti ali ndi azing'ono ake.

Tagwirizana. Mathanki asasunthe mpaka mazira aswe. Ine ndizigogoda ndisanalowe. Labotale yanga yomwe, tsopano ndikuodira.

Loweruka, pa 9 Ogasiti

Mkamwini anabwera masana, atanyamula zipatso. Mnyamata wanzeru uyu. Ndi munthu woyamba m'banja lino kundifunsa mafunso enieni: mcherewu ndimasakaniza bwanji, chifukwa chiyani yaimuna ndiyo ikulondera, imadya nthawi yanji. Ndamuuza kuti chiikirireni mazira Dona, Mlonda sanadye bwino, chakudya chikamudutsa pamphuno amangochiyang'ana. Iye n'kumagwedeza mutu, akuti zodabwitsa, bambo, zodabwitsa. Takhala pa thanki mpaka dzuwa kupendeka.

Mzime nthawi yonseyo anali kukhitchini ndi mayi ake, chitseko chotseka. Mkamwini potuluka anangoima pakhomo la khitchini, mawu awiri atatu, ulendo. Mwana sanamunyamule, ati iyeyo ali ndi kachifuwa.

Ndauza Abwana kuti mnyamata uja ali ndi mtima wofuna kuphunzira. Ati, "Inu muli ndi maso anayi, koma onse ali m'madzi."

Nsanje chabe. Iwo palibe amawafunsa za ku famase.

Lamulungu, pa 10 Ogasiti

Timazira tamera maso, timadontho tasiliva. M'nyumba muno ndi tokhato tikundiyang'ana bwino.

Lolemba, pa 11 Ogasiti

Timazira taswa!

Chakumadzulo ndinagogoda, ndinanyamula kapaipi mosamala kukaika m'kathanki kakuda kaja. Mlonda wandiluma kawiri, ndipo sindikumuda. Ndinapempha Mzime tizimitse getsi, n'kuunika tochi pakona. Poyamba zii. Ine magalasi pamphuno, galasi lokulitsa zinthu m'manja, osaona kanthu. Mzime ali pabedi akuyamwitsa ndiye anati, "Ato, Adadi, kumanzere kwanu."

Tinali tikubwera ku kuwala, tambirimbiri, ngati tizidutswa ta galasi tokhala ndi maso. Ndathira rotifa. Ndinafuna kuimba nyimbo koma Mlendo anali atangogona.

Mzime wayamba chimfine, mumdima muja amangokoka mamina. Mwina ndi chinyezi cha mathanki. Ndamuuza apemphe mankhwala kwa mayi ake.

Lachiwiri, pa 12 Ogasiti

Timimba tadzaza, tikuoneka tachikasu. Tikudya! Ndagogoda pachitseko chija lero kuposa wokhometsa msonkho. Ulendo wina ndadzutsa Mlendo amene anavutika naye kugoneka m'mawa wonse. Mzime anangomunyamulanso n'kuyamba kuzungulira naye m'chipinda.

Mlendo watuluka zidzolo kumatako. Abwana alamula kuti asiye matewera otaya, avale ansalu. Atulutsa mpukutu wonse m'kabati.

Lachitatu, pa 13 Ogasiti

Sindikudziwa poyambira.

Ndinapita kukagula mchere. Pobwera ndapeza ndowa yabuluu ili m'bafa, thovu la sopo lili tho, matewera anyikidwa m'menemo. Kapaipi ka mpweya kali lende pakhonde, kakupumira mphepo. Madzi obiriwira onse anapita m'ngalande. Mzime anaona ndowa ya madzi onunkha pafupi ndi pomwe amayanika zovala za mwana, anataya, anatsuka bwinobwino ndi mankhwala oyeretsera. Mwana woleredwa bwino. Ndinamulera ndine.

Ndakuwa. Mawu amene ndinkakuwira ophunzira akalunjika ngalande. Mlendo analira, mayi woyandikana nafe anatsegula zenera. Ndinanena za masabata amene ndavutika, za tiana timene tife ndi njala, zonsezo zikanatha kukhululukidwa. Koma pakamwa pakayamba kutsetsereka sipamva buleki. Ndinati, "Munthu ukabwera m'nyumba ya eni, uzifunsa."

Mzime anaima manja ali ndi thovu mpaka m'zigongono. Anati, "Pepani, Adadi." Basi. Analowa m'chipinda, loko khethe.

Abwana pobwera anamva zonse kwa woyandikana nafe asanafike n'komwe pakhomo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anandikhazika kukhitchini n'kundiuza zimene aliyense m'nyumba muno amadziwa kupatula ine ndi nsomba. Mkamwini chibadwire mwana sagona pakhomo. Ankati phokoso la khanda likumulepheretsa ntchito, akugona kwa mnzake. Mnzakeyo ndi mkazi. Loweruka lija anabwera kuti akambirane, ndipo anapeza pobisala pabwino, kumbuyo kwa apongozi ake ndi thanki.

"Mwana wabwera kwawo chifukwa kwina amuuza kuti akusowetsa mtendere," anatero. "Ndiye inu mwamuuza chiyani lero?"

Chimfine chija sichinali chimfine.

Lachinayi, pa 14 Ogasiti

Chitseko chotseka m'mawa wonse. Ndinaima panja pake ndi kajagi kopanda kanthu, dzanja m'mwamba, osagogoda. M'katimo ndimamva zipi ya sutikesi. Kutsegula kapena kutseka, sindinadziwe.

Ndapita kwa Ndevu. Rotifa wogulitsa alibe, wandigawirako kabotolo ka wake, kosakwana n'kadzutsa yemwe. Akuti aliyense wodziwa amasunga ndowa ziwiri, imodzi ikafa ina itsale, ndipo amalembapo kuti anthu asataye. Ndamuuza kuti vuto langa tsopano si ndowa. Anandiyang'ana n'kundipatsa kabotoloko ulere.

Theka ndayambitsira ndowa zatsopano, ziwiri, zolembedwa zilembo zikuluzikulu ngati chikwangwani cha pamsewu. Theka linalo Abwana ndi amene analowa nalo kukathira. Potuluka anati pansi pa kathanki pali ngati pagwa ufa. Ndi mitembo imeneyo.

Ndayeserera mawu opepesa m'bafa. Onse akumveka ngati chilengezo cha pa wailesi.

Lachisanu, pa 15 Ogasiti

Ndachapa matewera. Onse, a dzulo ndi a lero, m'ndowa yabuluu yomweyo. Ana anga onse anakula osandiona nditagwira thewera, lero ndaphunzira zinthu zimene sindilemba muno. Kamunthu kongomwa mkaka wokha, zimachokera kuti zonsezi?

Ndinaphatikizamo thaulo langa lofiira. Matewera onse atuluka apinki.

Ndikuyanika pakhonde, mayi woyandikana nafe anatuluka ndi kapu ya tiyi kudzaonerera, osabisa n'komwe. Akuti ndikufinya ngati ndikupha nkhuku. Kenaka anandionetsa kakung'unthidwe kake, ali kutsidya.

Masana chitseko chinatseguka. Mzime anatuluka, anaima pakhonde kuyang'ana mzere wa mbendera zapinkizo nthawi yaitali. Anagwira limodzi, analinunkhiza, akuti sopo sanachoke, litsukuluzidwenso. Ndatsukuluzanso onse. Pobwerera m'chipinda chitseko anachisiya chotsegula pang'ono.

Sindinalowe. Mantha.

Loweruka, pa 16 Ogasiti

Abwana anandikankha ndi chigongono, ati mitembo ija ikaola ipha totsalato, ndipo iwo si wokumba manda. Ndagogoda pachitseko chotsegula kale.

Mzime anali pabedi, Mlendo pachifuwa. Masutikesi ali pakona, otseka. Ndinagwada pa kathanki ndi beseni ndi kapaipi kopopera zinyalala zapansi. Tamoyo tilipo, tochepa, towerengeka ndi zala, koma tikusambira molimba, ndipo takula kuposa tonse timene ndinawetapo. Topikisana nato pa chakudya tachepa, ndiye kabotolo ka Ndevu kakutikwanira.

Ndinalankhula nkhope ili ku galasi, poti kumeneko n'kumene ndinazolowera. Ndinati mawu aja a Lachitatu anali a chitsiru, ndipo chitsirucho chikupepesa. Ndinati nyumba ino eni ake ndi iye, ine ndi nsomba ndife alendo. Kenaka ndinaika kapaipi pakamwa kuti ndikoke madzi ayambe kuyenda, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene Mzime anafunsa.

"Adadi, nanga ndikapanda kubwererako?"

Ndameza madzi amchere, mitembo ndi zonse. Kutsokomola, misozi, mamina, madzi kuyenderera pa kapeti. Mzime anadzuka n'kumandimenya pamsana ndi dzanja limodzi, lina atagwira mwana, akuseka ndi kulira pamodzi. Mpweya utabwerera ndinati, "Tsegula masutikesiwo. Kabati ndichotsamo mchere wanga lero lomwe."

Anakhala pansi pafupi nane, pa kapeti yonyowayo. Anayankhula nthawi yaitali, ine chete. Zina mwa zimene ananena zandipweteka kuposa mchere uja, ndipo sindizilemba. Pa moyo wanga wonse sindikumbuka tsiku limene ndinamvetsera munthu mpaka amalize yekha.

Madzulo tinasamutsa thanki ya Mlonda ndi Dona kupita pabalaza. Abwana anagwira mbali ina, okha, osapemphedwa, akudandaula njira yonse kuti pabalaza pawo pasanduka doko. Kathanki ka tiana Mzime wati kakhale, tisatigwedeze tikadali tofooka.

Dona mimba yayambanso kutupa. Ena saphunzira.

Lamulungu, pa 17 Ogasiti

Mzime wapempha ndimuperekeze kunyumba kuja akatenge kabedi ka mwana ndi mapepala a kuchipatala. Wamuimbira mkamwini kuti tikubwera. Mlendo atsala ndi agogo ake aakazi, amenenso ndawaphunzitsa muyezo wa rotifa. Ati akudziwa kuyeza mankhwala a anthu, ndisawanyoze.

Ndinakonza mawu ambiri oti ndikamuuze mnyamata uja, ena mwa iwo abwino kwambiri. Mzime wakana. Akuti olankhula ndi iye. Ine ndikangoima pakhomo, andione kuti ndilipo, ndipo akayamba za nsomba ndisayankhe.

Kuima chilili n'kumayang'anitsitsa osaphethira, chaka chino ndiye ndakuphunzira bwino kwa nsomba zanga.

Abwana andivula malaya, ati akununkha nyanja, andipatsa oyera aja. Chingwe chomangira kabedi ndatenga. Mzime watsika kale, ali pa chiwongolero, akuimba hutala.