S ya pa Giya Si "Samala"

Achimwene,

Kuno ku Chinsapo tili bwino, Amayi chifuwa chija chatha. Kaya inu ku Joniko?

Mukukumbukira muja munkandikaniza njinga yanu, mumvekere ndine wamantha? Galimoto yanu yaliwiro ija munandisiyiranso ndi mawu omwewo: "Giya izikhala pa D. S-yo ndi Samala."

Loweruka msuweni wathu Yohane anabwera kudzatenga makiyi, akuti mwamutuma ndinu. "Galimoto ikuchita dzimbiri ngati digiri yakoyo," anatero pamaso pa aneba, iwo n'kumaseka.

Ndinamukweza mpaka pa tala wa ku Likuni, pamalo opanda anthu. Ndinaika giya pa S, ya Sport, giya ya liwiro, n'kuponda buleki ndi phazi lamanzere, moto ndi lamanja mpaka pansi, monga buku lake limanenera. Nditangochotsa phazi pa buleki, mpando unatimenya kumsana. Yohane anakuwa, "Mayo! Nditsitseni, akulu!" Anabwerera pa minibasi.

Mwina ndinalakwa, koma makiyi sindipereka. Mukawafuna mudzatenge nokha. Mulungu akusungeni.

Kalatayi ndikaipinda, ndipatsira Yohane yemweyo, poti mawa akukwera basi ya ku Joni.

Ine mng'ono wanu,
Chikondi