Galimoto Ija Sindiikonzetsanso

Wokondedwa mwana wanga Lameki,

Ine Edisoni Yohane Kamwendo, wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndikukupatsa moni kuchokera kuno ku Matandani. Amayi ako ali bwino, kupatula miyendo ija. Ndikhulupirira nawenso uli bwino ku Joniko.

Galimoto ija yafa. Ukukumbuka kuti unachotsa injini yake ya petulo n'kuikamo ya dizilo yochokera m'galimoto ina, ine ndikukana, iwe n'kumati, "Bambo, izi simungazimvetse." Lachiwiri inathima pachitunda, utsi uli tolo, titanyamula thupi la bambo ako aang'ono kuchokera kuchipatala cha ku Lisungwi. Tinakhala padzuwa mpaka masana, kufikira a Bwanali atabwera ndi ngolo yawo ya ng'ombe. Mng'ono wanga analowa m'mudzi mwake ngati thumba la chimanga, ine ndikutsatira pambuyo wapansi.

Amakaniko a ku Zalewa akuti zipangizo za injini imeneyo sizipezeka kuno. Ogula nawonso akubwerera, chifukwa nambala ya injini siikugwirizana ndi ya m'mapepala. Uthenga wako wa pafoni woti ndiikonzetse ndauwerenga, koma sinditero. Ndiiphwasula.

Mulungu akusunge kumeneko. Kagawidwe ka galimotoyo ndi aka:

Matayala onse anayi apita kwa a Bwanali, akaike ku ngolo yawo.

Batire lipita kwa amayi ako, aziunikira m'nyumba.

Mpando wakutsogolo ndi wanga, ndizikhalira pakhonde.

Injini ndi yako. Ili pansi pa mtengo wa mango. Udzabwere wekha kudzaitenga, ndipo tsiku limenelo ndidzakulozera manda a bambo ako aang'ono.

Ndine bambo ako,
E. Y. Kamwendo