Ena wa apongozi

Lolemba, 4 Marichi
Apongozi abwerako ku chipatala chachikulu. Mwala wa mu impso wachoka, osang'amba mimba. Ati analowetsa kawaya kokhala ndi kamera n'kuuphwanya. Njira yatsopano, ili pa kafukufuku. Asiyamo kachubu koti mkodzo uzidutsa, adzaimba foni nthawi yokachotsa ikakwana. Mwamuna wanga Ambokile wabwerera kale kuntchito ku Mbeya. Odwala ndi anga.

Lachisanu, 19 Epulo
Mkodzo wofiira. Akuyenda atagwira m'chiuno, komabe kumpunga sakusiya. Ndawakalipira, angondiseka. Za foni ija zii.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndaimba ndekha popuma kusukulu. Wayankha Golden, mnyamata wa kafukufuku, mawu osalala ngati wa pa wailesi. "Mayi aja tinathana nawo, ali m'gulu la ochira." Ochira! Ati anawaimbira mwezi watha, ndipo funso lililonse ankavomera. Muli bwino? Ena. Ululu unatha? Ena. Kachubu anakuchotsani pachipatala cha kwanuko? Ena. Iye mawu a Chinkhonde amene amawadziwa ndi amodzi omwewo, ena, akuti ndi "inde".

Ndinatsala pang'ono kuswa foni. Ine wa ku Ntcheu zinanditengera chaka pano pa Mwenilondo kuti ndimve kuti ena wa apongozi ndi ulemu. Moni, ena. Mlendo akalankhula Chichewa chothamanga, ena. Amatero ngakhale kwa wogulitsa usipa wowola. Golden wamva pafoni kamodzi n'kutseka nkhani.

Lachinayi, 9 Meyi
Golden akuti kusintha n'kovuta, zotsatira zinapita kale kwa akuluakulu. Chida chawo chikuoneka kuti chapambana. Chipambane ndithu, koma kachubu kali m'mimba mwa mayi a mwamuna wanga. Namwino Ipyana, wa kutchalitchi kwathu, wandiuza mosabisa kuti kakakhalitsa kamamera miyala ina, impso n'kuwonongeka. Ambokile pafoni: "Usakangane nawo, angatikane." Nayenso ndi wa ena yemweyo. Ndakwiya kwambiri.

Lamlungu, 12 Meyi
Thupi moto, kusanza. Tawagoneka kuchipatala cha pa boma. Kuno chida chochotsera kulibe.

Lachiwiri, 14 Meyi
Golden wabwera yekha, nsapato zonyezimira, nkhope yagwa. Galimoto yowatengera ku chipatala chachikulu ati ilipo mawa. Koma ayambe wamva kuchokera pakamwa pa wodwala kuti kachubu kadakalimo, ndiye lamulo lawo. Ndinati Ipyana afunse m'Chinkhonde, pang'onopang'ono, Golden akhale chete.

Ipyana anawerama n'kufunsa ngati kachubu kanachoka. Apongozi anayang'ana Golden, mlendo, nsapato zake. Ndinaona milomo ikukonzekera ulemu uja.

Kenaka anatembenukira kukhoma.

"Mma."

M'Chichewa, ayi. Zaka zonsezi pakhomo pawo sindinawamvepo akumuuza munthu mawu amenewo. Golden anafunsa kuti amalembedwa bwanji.