Munthu Wachikhumi pa Geti

Lolemba, 10 Malichi

Fungo la choko silinasinthe. Ndikalowa m'kalasi muja ndimabwerera ku utsikana wanga, kufikira nditakhala pansi, mawondo n'kundikumbutsa. Abwana kuntchito ananena poyera kuti popanda satifiketi ya koleji chaka chino, mpando wanga aupereka kwa wina. Ndiye ndine pano, zaka 53, pakati pa ana.

Lero aphunzitsi a masamu a ziwerengero atigawa m'magulu. Ntchito yake: tipeze avereji ya zaka za ophunzira onse a pakoleji pano, osafunsa onse. Tingofunsa ochepa osankhidwa mwa maere, sampulo, iwowo atiunikire za gulu lonse. Ati zili ngati msuzi, sumwa mphika wonse kuti udziwe mchere, bola utakase kaye. Ndinakumbuka mayi anga akudonthetsera msuzi padzanja, n'kulawa atatsinzina. Malikisi a ntchitoyi ndi theka la phunziro lonse, ndipo gulu loyandikira nambala yeniyeni ya ku ofesi ya koleji lilandira owonjezera.

Lachiwiri, 11 Malichi

Gulu lathu: Wamagalasi (mtsogoleri, anadzisankha yekha), Wachipewa, ndi atsikana awiri omwe nkhope zawo zimakhala m'mafoni. Amanditcha Anti. Foni ya Wachipewa yasankha ophunzira 20 mwa maere, ndipo inenso ndatulukamo. Ndinasangalala ngati ndawina mpikisano. Uchitsiru.

Lachinayi, 13 Malichi

Tawerengetsa. Popanda ine, avereji 21. Ndi ine, pafupifupi 23. Magulu ena onse ali cha pa 21.

Wachipewa: "Anti, inu ndinu mwala mu mpunga. Munthu akutafuna bwinobwino, kenako gwa! Dzino lapita." Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, kaya chifukwa chiyani.

Wamagalasi anati andifufute basi. "Sikuti ndinu oipa ayi, koma mukutionongera nambala." Ndinati maere ndi maere, ndine wophunzira ngati iwo omwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Ndiye kapangeni gulu lanu, inu ndi zaka zanuzo. Dzina lanu pa ntchito yathu silioneka."

Alibe zaka zoposa za mwana wanga womaliza. Milomo yake yauma, sindikudziwa ngati amadya masana.

Lachisanu, 14 Malichi

Aphunzitsi amva za mkangano wathu, ndipo akondwa ngati apeza chidole. "Taimirirani, mayi, anzanu akuoneni. Tembenukani." Ndinatembenuka. Ana pafupifupi zana, mano onse panja.

"Uyu ndiye munthu mmodzi wokoka sampulo yonse. Sampulo ikachepa, nkhalamba imodzi imakalambitsa koleji yonse." Wina kumbuyo anafuula kuti, "Agulireni ndodo!" Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lithe, akumwetulira, ine ndili chiimire.

Chowawa n'chakuti anandiikira kumbuyo. Ati kufufuta munthu chifukwa nambala yake sikukusangalatsa n'kubera. Mankhwala ake n'kukulitsa sampulo: tikaime pa geti Lachiwiri, tizifunsa wophunzira wachikhumi aliyense wolowa, osasankha ndi maso. Ananena zoona zokhazokha, koma anaiwala kundiuza kuti ndikhale pansi.

Lamulungu, 16 Malichi

Mwana wanga wamkazi pafoni: "Amama, sukulu ikukoma?" Ndati ikukoma kwambiri.

Lolemba, 17 Malichi

Uthenga wa Wamagalasi: pa geti ndikaime ine, poti ndine ndawabweretsera ntchitoyi. Ndipo, "Mukatibweretsera anzanu a ku penshoni, mukudziwa kale."

Ndasita bulauzi ya buluu ija.

Lachiwiri, 18 Malichi

Dzuwa, fumbi la maminibasi. Ine pa geti, gulu pa benchi pansi pa mtengo, likundiyang'ana. Poyamba zinayenda. Ndiwerenge asanu ndi anayi, wachikhumi ndimuimike. 19, 22, 20, 20. Ana aulemu ndithu akakhala okhaokha. Mmodzi anandigwirira ambulera ndikulemba.

Kenako ndinawaona akubwera kuchokera kumsewu. Bambo a imvi, jekete lalikulu lochapidwa kambirimbiri, mabuku m'jumbo, khadi la ophunzira lili pakhosi ngati mendulo. Ndinawerenga anthu a kutsogolo kwawo, ndikupemphera kuti wina awadutse. Palibe anawadutsa. Wachikhumi anali iwo.

Ku benchi Wachipewa anaimirira, manja m'chiuno.

Bambowo anaima okha, akumwetulira. Anali ataona ndikufunsa enawo. Anavula chisoti.

"Mayi, mwaswera bwanji? Ndasangalala kuona mnzanga. Ndimayesa ndili ndekha pano. Mukufunsa zaka eti? Ine sindibisa ayi."

Mawu awo anali ofatsa, a munthu amene analera ana. Ndinayang'ana khadi lija, kenako ndinayang'ana kumbali.

"Pitani, bambo," ndinatero. "Tikufunsa ophunzira."

Anagwira khadi lawo ndi zala ziwiri, ngati akufuna kundionetsa. Kenako analisiya, navala chisoti, n'kulowa pang'onopang'ono. Ndinaimika mtsikana wa kumbuyo kwawo. Zaka 18.

Madzulo ano avereji yatsika kufika pa 21. Wamagalasi walemba dzina langa pachikuto, lachiwiri kuchokera pamwamba, ndipo wanditumizira chithunzi chake ndi kamtima kofiira.